Thumba la Kayera la Nasula ndi Cizungu Cathu ca Mayeso

Anzanga acinyamata, pali cinthu cimene tonse timaciona koma sitikonda kucichula. M'midzi ya kuno ku Vubwi, ngakhalenso ku Sinda ndi ku Katete, muli anyamata ndi atsikana ambiri amene anakhala m'kalasi zaka 12, nalemba mayeso a Cizungu, nakhoza. Satifiketi ili m'sutukesi, yokutidwa bwino m'pulasitiki kuopa ciswe. Koma tsiku limene anyakwawa afuna munthu wolemba kalata yopita kwa akhansala, kapena kopaletivu ifuna mlembi wolemba zokambidwa pamsonkhano, ophunzira aja amangoyang'ana pansi, wina kukankhira mnzake. Potsiriza nchitoyo imagwera mkulu wina wa imvi amene analekezera sukulu kalekale.

Acinyamatawa si mbuli ai. Colakwika cili pa njira imene Cizungu cimaphunzitsidwira. Timacisenza ngati katundu wa mwini wake: kucokera m'kalasi mpaka m'cipinda ca mayeso, kukatula pamenepo, ndi kubwerera kumudzi cimanjamanja. M'nkhani ino ndifuna tione mbali zitatu za phunziroli, ndizo mau, mabuku a nkhani ndi kulemba, ndipo buku limodzi la mlembi wa m'dziko lathu lino litithandiza kuona cimene tikutaya.

Kumene tacokera

Mwana wa ku Vubwi amakula ndi Cicewa. Akatsegula wailesi kawirikawiri amamva Cicewa ca ku Malawi, pakuti malire ali pafupi. Akaolokera ku Mozambique akamva Cipwitikizi. Kumbali zina za Sinda amakula ndi Cinsenga. Cizungu amakacipeza kusukulu, ndipo belu likalira amacisiya komweko.

Boma lakhala likusinthasintha maganizo pa nkhani imeneyi. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cizungu kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 1996 ndondomeko yochedwa Educating Our Future inabvomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cilankhulo cimene adziwa. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka Giredi 4 anayamba kuphunzitsidwa m'zilankhulo zathu, ndipo kuno kum'mawa cinali Cinyanja. Tsono ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yabwezeranso Cizungu kumakalasi oyambirira. Akuluakulu adzapitiriza kutsutsana za caka cimene mwana ayenera kuyambira Cizungu. Koma kaya ayambe msanga kaya mocedwa, funso lalikulu likhala lomweli: kodi akaciyamba, akucita naco ciani?

Mau a pabolodi

Ambiri a ife phunziro la mau atsopano tikulidziwa. Aphunzitsi alemba mau khumi pabolodi, pambali pake matanthauzo, ndipo matanthauzowo nawonso ali m'Cizungu cobvuta kuposa mau ofotokozedwawo. Ana akopera, aloweza, Lacisanu alemba kamayeso. Pakatha milungu iwiri palibe liu limene latsala m'mutu. Cifukwa cake n'cosabisika. Mbeu ya m'botolo simera, imafuna nthaka. Liu nalonso limafuna nkhani yoti limeremo.

Taganizani m'mene tinadziwira mau ngati nkhokwe, cikonyo, kupalira, kukolola. Palibe anatilembera pabolodi. Tinawamva kumunda, tinawamvanso pabwalo, tinayesa kuwachula, akulu natiseka, natikonza. Liu limakhala lako ukakumana nalo kambirimbiri m'malo osiyanasiyana, ndi kuligwiritsa nchito pa cinthu cimene ukucifuna ndithu.

Cizungu cotere cilipo pakati pathu, koma sicilowa m'kalasi. Pa botolo la mankhwala opopera thonje kapena cimanga pali mau onga dilute, dosage, harmful ndi expiry. Wosawamvetsa angaoche mbeu zake, kapena kudzipweteka yekha. Kudepoti ya Food Reserve Agency amakamba za moisture, ndipo cimanga cimene cinyontho cake capitirira 12.5 peresenti cimabwezedwa. Pa pepala la ngongole pali interest, deposit ndi guarantor, mau amene adyetsa anthu ng'ombe zao. Mphunzitsi atabwera ndi botolo lopanda kanthu ndi risiti imodzi m'kalasi, ana angaphunzire mau ambiri oti sadzaiwala, pakuti madzulo omwewo akawerengera makolo ao.

Palinso mwambo woipa wolanga mwana wopezeka akulankhula Cicewa pasukulu. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya analemba m'buku lake la 1986, Decolonising the Mind, za m'mene ana ankalangidwira cifukwa colankhula Cikikuyu kusukulu, ndipo zacisoni kuti m'malo ena mzimu umenewu sunafe. Mwana woopsezedwa salankhula Cizungu cabwino, amangotseka pakamwa. Ndipo tikamuletsa Cicewa, tamulanda makwerero amene akanakwererapo. Mwana amene wamva kuti guarantor ndi munthu wokuimira pa ngongole, amene adzalipira iwe ukalephera, wamvetsa kotheratu. Amene waloweza tanthauzo la m'dikishonale popanda kulimva, wangomeza mwala.

Buku ndi pamfuleti

Bvuto laciwiri ndi la mabuku a nkhani. Ophunzira ambiri amalemba mayeso a Literature osawerengako buku lomwe. Amawerenga pamfuleti, timapepala tacidule tofotokoza kuti wakuti anali wolimba mtima, wakuti anali wadyera, phunziro la nkhaniyi ndi lakuti. Munthu angathe kukuuzani makhalidwe asanu a Okonkwo wa m'buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart, koma sanamvepo mtima wake ukugunda pamene mnyamata Ikemefuna akutengedwa kunkhalango. Kumeneku ndi kudya nsima yotafunidwa kale ndi wina.

Kuti tione cimene cimatayika, tiyeni titenge buku la Binwell Sinyangwe, A Cowrie of Hope, limene linasindikizidwa mu 2000 m'gulu la mabuku a African Writers Series. Ndi buku laling'ono, loti gulu la acinyamata lingamalize m'milungu yowerengeka.

Nkhani yake ndi ya Nasula, mai wamasiye wa kumudzi m'boma la Mbala, wosadziwa kuwerenga. Mwamuna wake, Winelo Chiswebe, atafa ku Lusaka, acibale a mwamunayo analanda cuma conse, Nasula nabwerera kumudzi ndi mwana wake mmodzi, Sula. Mtsikanayo wakhoza mayeso a Giredi 9, ndipo kuti apitirize sukulu pafunika K100,000. Nasula ayenda ulendo wautali wapansi kukapempha kwa alamu ake, koma apeza kuti cuma cija cinatha ndipo mlamuyo ali gone, matenda amufoola. Mnzake wakale, Nalukwi, amulangiza kuti atenge thumba lake lotsiriza la kayera akagulitse ku Lusaka kumene mtengo uli bwino. Pamsika wa Kamwala munthu wobvala bwino, Gode Silavwe, akweza thumbalo m'galimoto, nathawa osalipira. Nasula akwera basi yobwerera kwao, koma ali panjira atsika, nabwerera ku Lusaka kukasaka wakubayo.

Ndani wa ife kuno amene sanaonepo nkhani yotere? Tili ndi amai amene anagulitsa nshawa kapena soya kwa mavenda a sikelo yokhota cifukwa mwana afuna yunifomu. Tili ndi amasiye amene anatsala ndi mphika umodzi maliro atatha. Mwana wa ku Vubwi akawerenga za Nasula sakuwerenga za mlendo. Akuwerenga za amai ake, ndipo akufuna kudziwa ngati thumba lija lidzapezeka. Njala yofuna kudziwa imeneyi ndiyo imakoka mwana kudutsa mau obvuta. Pamfuleti imapha njalayo pa tsamba loyamba, pakuti imaulula zonse m'mizere khumi.

Onani m'mene liu limodzi la pacikuto lingakhalire phunziro lathunthu. Cowrie ndi kacigoba kakang'ono ka m'nyanja ya mcere, kamene kale m'maiko ambiri a mu Africa kanali ndalama. Ngakhale dzina la ndalama ya ku Ghana, cedi, linacokera ku kacigoba komweka. Tsono funsani kalasi: n'cifukwa ciani mlembi anasankha kanthu kakang'ono cotere kuti kaimire ciyembekezo? Kodi kacigobako ndi thumba la kayera, kapena ndi Sula mwini wake? Ana akayamba kutsutsana pa funso limeneli, liulo lalowa ndipo silidzacokanso.

Bukuli limatsegulanso khomo la mbiri ya dziko. Mlembi amabwereza kawirikawiri kuti izi zinali zaka za m'ma 1990. Mwana wa lero ayenera kuuzidwa cimene cinacitika: kuti NAMBOARD, imene inkagula mbeu za alimi, inathetsedwa mu 1989, kuti boma litasintha mu 1991 malonda a mbeu anasiyidwa kwambiri m'manja mwa amalonda, kuti mu 1992 kunagwa cilala coopsa. Ayenera kudziwa kuti K100,000 ya Nasula ndi ndalama yakale, pakuti mu 2013 kwaca inacotsedwa maziro atatu. Angafunsidwenso kuti, popeza kuyambira 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere, kodi Nasula wa lero alibenso bvuto? Nanga yunifomu, nsapato, ndi mtunda wopita kusekondale? Ndipo pa nkhani yolanda cuma ca amasiye, ndi angati mwa ife adziwa kuti lamulo la 1989 limati munthu akafa wosasiya wilo, ana alandire 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti, makolo 20 peresenti, ndipo ena odalira malemuyo 10 peresenti? Zonsezi zingatuluke m'kabuku kamodzi ngati tikawerenga.

Pamene bukuli lifooka

Musaganize kuti ndikuti bukuli lilibe cilema. Lili nazo, ndipo kuziona ndi mbali ya maphunziro. Coyamba, mlembi amakonda kuimitsa nkhani ndi kuyamba kutilalikira za kuipa kwa zaka zija. Kamodzi kapena kawiri zimagwira mtima, koma zikacuruka wowerenga amafuna kunena kuti, tamva, tibwezereni kwa Nasula. Mabvuto a maiyo akukamba okha, safuna womasulira.

Caciwiri, anthu a m'nkhaniyi agawidwa mophweka kwambiri. Nasula ndi woyera mbee, Gode ndi wakuda bii. Pamoyo weniweni wakuba nayenso ali ndi ana kunyumba, ndipo wolungama nthawi zina amanama. Achebe pamenepa anaposa, pakuti Okonkwo timamumvera cisoni ndi kudana naye nthawi imodzi.

Cacitatu, ndipo cacikulu, ndi mathero. Nasula apezadi Gode, koma wapolisi wamng'ono alandira ciphuphu namumasula. Cimene cipulumutsa maiyo ndi cakuti akumana ndi mkulu wa apolisi woongoka mtima, amene akakamiza wakubayo kulipira. Wowerenga amasangalala, ndipo nanenso ndimasangalala. Koma tifunse: akanakhala kuti mkuluyo tsiku limenelo sanabwere kunchito? Amai angati amene katundu wao anapita osabwerera? Buku limene latha masamba ambiri kutionetsa kuti zinthu zaola, likutha ndi mwai wokumana ndi munthu mmodzi wabwino. Wina angayankhe kuti si mwai ai, pakuti Nasula akanapanda kutsika basi ija ndi kukakamira, mkuluyo sakanamuona. Yankho limeneli lili ndi mphamvu, ndipo mwina ndilo mlembi anafuna.

Mtsutso woterewu ndiwo Literature. Mwana amene angaime ndi kunena kuti, ine mathero awa sindiwakhulupirira cifukwa cakuticakuti, waphunzira kuposa amene waloweza mitu isanu ya m'pamfuleti. Ndipo ngakhale pamayeso pomwe, woyankha ndi umboni wocokera m'buku amaoneka msanga pakati pa oloweza.

Kulemba za ciani?

Mbali yacitatu ndi cimangirizo, cimene ana amati kompozishoni. Pamayeso a Giredi 12 a Examinations Council of Zambia wophunzira amafunika kulemba mau apakati pa 250 ndi 350. Poopa pepala limeneli, ambiri amaloweza ndime zoyambira ndi zotsekera, ndi mikuluwiko ya Cizungu yoti aziwaza paliponse ngati mcere. Cotero mumapeza ana 40 onse anadzuka m'mawa wowala bwino mbalame zikuimba, onse mvula inawagwera ya amphaka ndi agalu, onse anaphunzirapo phunziro losaiwalika. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe mwana m'nkhanizo, palibe mudzi, palibe coona.

Munthu amalemba bwino akakhala ndi cinthu coti anene ndi munthu woti amuuze. Mwana amene anaona mtsinje utadzaza, njinga zitaunjikana kutsidya, wodwala ali pangolo, ali ndi nkhani. Amene anapita ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, naona anthu ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ali ndi nkhani. Koma sitimuuza kuti zimenezi n'zoyenera kulembedwa m'Cizungu. Iye amaganiza kuti Cizungu ndi ca nkhani za m'tauni zokha.

Alembi athu akale sanali ndi manyazi otere. Samuel Ntara wa ku Malawi analemba Nthondo m'Cinyanja, nkhani ya moyo wa munthu wa kumudzi, ndipo mu 1934 inatuluka m'Cizungu ndi dzina lakuti Man of Africa. Julius Chongo, ndi nthano zake za Poceza m'Madzulo pawailesi, ankakhazika pansi midzi yathunthu cifukwa ankadziwa kuyamba nkhani, kuikoka, ndi kuimaliza pamalo pake. Luso limeneli agogo athu ali nalo, ndipo silisankha cilankhulo. Mwana wodziwa kusimba nthano m'Cicewa wadziwa kale theka la cimangirizo. Cotsala ndi kumupatsa mau ndi galamala.

Tiyeneranso kunena za cekeni cofiira. Mphunzitsi akabweza kope lodzaza ndi mizere yofiira ndi 8 pa 20 pansi pake, mwana amaona nambalayo, natseka kope. Sauzidwa kuti alembenso. Koma kulemba kumaphunziridwa polembanso. Kuli bwino cimangirizo cimodzi colembedwa katatu, coyamba kukonza nkhani, caciwiri kukonza ndime, cacitatu kukonza galamala, kusiyana ndi zimangirizo zitatu zoongedwa ndi kuiwalika.

Ndipo kulemba kumene moyo udzafuna kwa ife n'kodziwika: kalata yofunsira nchito, lipoti, zokambidwa pamsonkhano, pempho la thandizo. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya mabasale ndi magulu a acinyamata ndi amai. Gulu limene lilibe wodziwa kufotokoza papepala cimene lifuna kucita, ndi ndalama zingati, ndi cifukwa cake, limatsalira, ngakhale maganizo ake akhale abwino cotani.

Aphunzitsi asasenze okha

Kungakhale kusalungama kuunjika mlandu wonse pa aphunzitsi. Maphunziro aulere atayamba makalasi anadzaza, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, m'masukulu ambiri a kumidzi mphunzitsi mmodzi akali ndi ana oculuka. Kuonga makope a kalasi yotere usiku ndi kuwala kwa toci si masewera. Kumene buku lili limodzi pa ana khumi, pamfuleti imaoneka ngati mpulumutsi. Ndiponso mphunzitsi amayesedwa ndi ciwerengero ca ana okhoza, osati ndi makalata amene anawo adzalemba zaka zisanu m'tsogolo. Komabe zina mwa zimene tachulazi sizifuna ndalama. Kuwerengera kalasi mokweza mphindi khumi, kulola mwana kufotokoza m'Cicewa cimene wamva asanaciyese m'Cizungu, kupereka mutu wa cimangirizo wocokera m'mudzi momwemo: izi zili m'manja mwa mphunzitsi aliyense.

Mutu umodzi susenza denga. Ife a m'magulu a acinyamata timakumana mlungu uliwonse, ndipo pakati pathu pali a Giredi 12, ena a kukoleji, ena aphunzitsi amene. Tingasonkhe ndalama ya buku limodzi. Pamsonkhano uliwonse tipatule theka la ola: mmodzi awerenge masamba angapo mokweza, wina asimbe m'Cicewa zimene zawerengedwa, ndipo amene sanapite patali ndi sukulu anene maganizo ao, pakuti pa nkhani ya Nasula iwo angatiphunzitse zambiri. Aliyense akhale ndi kakope kolembamo mau atatu okha pa mlungu, pamodzi ndi ciganizo cake cimene wapanga yekha. Kamodzi pamwezi tilembe cinthu ceniceni: kalata yopita kwa akhansala ya za mjigo woonongeka, lipoti la ulendo wa gulu, kapena kalata imene Sula akanalembera amai ake ali kusukulu. Tiwerengerane, tikonzerane mwaulemu, tilembenso.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mau atatu pa mlungu ndi mau oposa 150 pa caka, ndipo onsewo ndi mau amoyo, omera m'nkhani. Nasula anayenda mtunda wonse uja cifukwa ankakhulupirira kuti sukulu idzapatsa mwana wake pakamwa poyankhira, kuti asadzaponderezedwe monga anaponderezedwa iye. Makolo athu nawonso akamagulitsa nshawa ndi mbuzi cifukwa ca ife, cimene akugula ndi comweco. Tsono alembi a magulu, ikani nkhaniyi pa ndandanda ya msonkhano ukubwerawu, ndipo musankhe amene adzawerenga mutu woyamba.